Kwa Njombwa, Nthano Idasowa Woivomera

Mukafika kwa Njombwa ku Kasungu, mudzaona zigafa za fodya ponseponse, koma kachisi wa Ahindu kulibe. Pofika 1978, boma la Kamuzu linali litachotsa amwenye kumidzi kuti azichitira malonda m'mizinda mokha. Ambiri adachoka m'dziko muno, koma Ahindu otsala sadataye mwambo. Ku Blantyre, nyengo ya Diwali, agogo amayatsa tinyali limodzi ndi zidzukulu, n'kumazifotokozera za Rama wobwerera kwawo ku Ayodhya.

Ndidakumbukira zimenezi usiku wina kwa Njombwa tikuwotha moto. Agogo adayamba: "Padangokhala..." Panalibe woyankha "Tilitonse". Tonsefe maso anali pafoni.

Agogo adangoti, "Basi, ndikagone ine."

Kodi nthano ija tidzaimvanso kwa ndani?