Phiri la Mulanje: Chuma Chathu Chomwe Chili Pamphuno

Munthu akachoka ku Limbe m'mamawa kudzera msewu wa Midima, phiri la Mulanje limayamba kuonekera asanafike n'komwe pa Nkando. Poyamba limakhala ngati mtambo wakuda umene watera pansi chakum'mawa, koma galimoto ikamayandikira, mtambowo umasanduka thanthwe lalitali lokhala ndi mizere yoyera ya madzi otsetsereka. Amene adauzolowera msewuwu satukulanso mutu. Amayi amakhala akuwerengera ndalama zokapikulira nanazi ndi mapeyala, kondakitala ali pamkangano wa chenji, ndipo phirilo limangodutsa pawindo ngati chikwangwani chotsatsa sopo.

Mwina n'chifukwa chake ambiri a ife tikakhala kunja, kaya ku Joni, ku Harare kapena ku Tete, wina akatifunsa kuti kwanu kuli chiyani, timangotchula nyanja ndi chambo, kenaka n'kuyamba kudandaula za kukwera mtengo kwa feteleza. Madandaulowo ngoona. Komabe munthu wosadziwa chimene ali nacho ndi amene amachigulitsa motchipa, ndipo zimene zachitika paphirili zikuonetsa zimenezi poyera.

Tiyambe ndi msinkhu wake. Nsonga yotchedwa Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo m'maiko a Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique mulibe phiri lofika pamenepo. Ngakhale kungolitcha phiri n'kulichepetsa, pakuti amene wakwera kudzera ku Likhubula amapeza kuti pamwambapo pali dziko lina lathunthu: madambo a udzu waufupi, zigwa zozizira, timitsinje toyera mbee, ndi nsonga zambirimbiri monga Chambe, imene khoma lake la mwala limakopa akatswiri okwera mapiri ochokera kutali. M'miyezi ya Juni ndi Julayi udzu wa pamwambapo umadzuka utayera ndi chisanu.

Makolo athu a Chimang'anja, Chiyao ndi Chilomwe ankalilemekeza phirili ngati mudzi wa mizimu, ndipo dzina loti Sapitwa likunena lokha. Mpaka lero akuluakulu a m'midzi ya m'tsinde amasimba kuti munthu atha kupeza chakudya chophikaphika m'thengo, ndipo mwambo wake ndi kudya mwakachetechete osaitana mnzako. Ophunzira ena amaziseka nkhani zotere. Chodabwitsa n'chakuti ulemu womwewu ndi umene bungwe la UNESCO lidauona pamene, mu Julayi 2025, lidalemba phirili m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse lapansi. Mulanje adakhala malo achitatu a m'Malawi kulowa m'kaundulamo, kutsatira paki ya m'nyanja ku Cape Maclear mu 1984 ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni mu 2006.

Koma mlimi safunsa za kaundula, amafunsa za madzi, ndipo apa m'pamene pagona ulemerero weniweni wa phirili. Mphepo yonyowa yochokera kunyanja yamchere ya India ikaomba makoma ake imakakamizika kukwera, ikakwera imazizira, ikazizira imatula mvula. Ngakhale m'nyengo yachisanu, pamene madera ena ali gwa, kuno kumagwa mvula yamawawa ija timaitcha chiperoni, dzina limene lidachokera kuphiri la Chiperone la ku Mozambique. Udzu ndi nkhalango za pamwamba zimamwa madziwo n'kumawatulutsa pang'onopang'ono chaka chonse. Lichenya, Likhubula ndi Thuchila amathira mu Ruo, mtsinje umene umachita malire ndi Mozambique usanakalowe mu Shire ku Chiromo. Phalombe ndi Sombani amalowera kunyanja ya Chilwa, kumene amadyetsa alimi a mpunga ndi asodzi a matemba. Choncho msodzi wa ku Chilwa amene sadapondeko ku Mulanje amadya za phirili osadziwa.

Anthu a mumzinda nawonso ali m'gulu lomweli. Kuyambira mu 2019, mipope yochokera mumtsinje wa Likhubula imatengera madzi ku Nguludi kuti akathandize mzinda wa Blantyre ndi madera oyandikana nawo. Ntchitoyi isanayambe, anthu ena a ku Mulanje adaitsutsa ponena kuti payambe padzalidwa mitengo madzi asanatengedwe, ndipo mfundo yawo idali yomveka. Ku Bondo nako, madzi a mu Lichenya amazunguza timakina topanga magetsi amene amayatsa nyumba za m'midzi, sukulu ndi chipatala, komanso kuyendetsa zigayo, m'dziko limene midzi yambiri ikadali mumdima.

Za tiyi aliyense amadziwa. Adayamba kudzalidwa kuno mu 1891, dziko la Kenya, limene lero limatchuka naye, lisanadzale ndi tsinde limodzi lomwe. Minda yake njokongola, yobiriwira ngati mphasa yoyalidwa m'tsinde mwa phiri. Koma ponyadira kubiriwirako tisaiwale manja amene adaswa mphanje. Ambiri adali Alomwe amene adawoloka Ruo ndi Muloza pothawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, n'kudzapeza thangata kuno. Zidzukulu zawo zina lero zili ndi minda yawoyawo ya tiyi ndipo zimagulitsa masamba kumafakitale kudzera m'magulu a alimi, ngakhale kuti malipiro a wothyola tiyi m'maesiteti akadali nkhani yowawa.

Tsopano tifike pa mtengo umene uyenera kutichititsa manyazi ndi kutinyaditsa nthawi imodzi. Mkungudza wa ku Mulanje sumera wokha kwina kulikonse padziko lapansi kupatula paphirili, ndipo mu 1984 udasankhidwa kukhala mtengo wa fuko la Malawi. Thabwa lake limanunkhira, silifumbwa, chiswe sichilidya ndipo siliola msanga ngakhale m'madzi. N'chifukwa chake lidagwiritsidwa ntchito pofolera nyumba, popanga zitseko ndi pokhoma mabwato a kunyanja. Ubwino womwewu ndi umene udauphetsa. Phirili lidakhala nkhalango yotetezedwa ndi boma mu 1927, ndipo kwa zaka zambiri lamulo linkalola kucheka mitengo youma yokha. Anthu adapeza njira: ankausenda khungwa mtengo wamoyo kapena kuuyatsa moto kuti uume, kenaka n'kudzaucheka monga wakufa. Pamwamba pa izi padabwera nsabwe zoyamwa mitengo ya mtunduwu m'zaka za m'ma 1980, moto wa alenje chaka ndi chaka, ndi mitengo ya paini yobwera imene idafalikira n'kulanda malo. Mu 2017 akatswiri atayendera phirili adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha.

N'kosavuta kuloza chala mnyamata amene amatsika phiri ndi thabwa lolemera pamutu, wopanda nsapato, kuti apeze ya ufa. Iye ndi amene amaoneka ndi maso. Amene saoneka ndi mwini ndalama amene adamutuma, mwini lole imene idanyamula matabwawo usiku, ndi amene adatsinzina pa rodibuloko. Phindu lalikulu la mkungudza silidatsale m'midzi ya ku Mulanje kapena ku Phalombe. Chimene chidatsala kumeneko ndi zitsa.

Mwayi wake ngwakuti mitengo ina idadzalidwa kalekale paphiri la Zomba, kotero mbewu sidatheretu. Kuyambira mu 2016, bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi akatswiri a zankhalango a boma ndi anzawo akunja adathandiza magulu a m'midzi yozungulira phirili kukhazikitsa manazale. Amayi ndi abambo a m'magulumo adaphunzira kufesa mbewuzo, kuzisamalira m'machubu ndi kugulitsa mbande, ndipo mbande zikwi mazanamazana zakwera kale phiri pamitu ya anthu, njira yomwe ija matabwa ankatsikira. Kudzala si kovuta kwenikweni. Chovuta ndi moto, pakuti mkungudza ukapsa suphukiranso, ndipo moto wa tsiku limodzi m'mwezi wa Okutobala utha kupsereza ntchito ya zaka zisanu. Kulambula njira zotchinga moto mvula ikangotha ndiyo ntchito imene imapulumutsa mbandezo, ngakhale kuti siikoka atolankhani ngati mwambo wodzala mitengo.

Phirili limadziwanso kukwiya. Mu Marichi 1991 madzi, matope ndi miyala zidatsika kuchokera kuphiri la Michesi n'kukokolola midzi ya ku Phalombe, ndipo anthu mazanamazana adafa. Akuluakulu adati wadutsa Napolo. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy adachitanso zomwezo m'maboma a Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre, ndipo anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa m'chigawo cha kummwera. Mvula yochuluka chotero itha kugumula ngakhale malo a mitengo, zimenezo n'zoona, koma pamalo ometedwa mpala ndi makala ndi minda ya m'mapiri, dothi limachoka msanga ndipo madzi amatsika mwaliwiro. Ambiri amene adamanga m'makwalala akale a mitsinje adaphunzira mowawa kuti madzi saiwala khwawa. Ndi chifukwa chomwechi nkhani yokumba miyala ya bokisaiti pamwamba pa Lichenya, imene imabuka kawirikawiri, imawadetsa nkhawa mafumu ndi alimi a m'tsinde: pamene pali miyalayo m'pomwenso pamachokera mitsinje.

Kukaliona phirili sikulira chuma chambiri. Kuchokera pa Chitakale pali galimoto ndi njinga zamoto zopita ku Likhubula, ndipo kuchokera pamenepo ulendo wapansi wa ola limodzi kapena kupitirirapo pang'ono umakufikitsani pa Dziwe la Nkhalamba, pamene madzi amagwa kuchokera pathanthwe n'kupanga dziwe lakuya ndi lozizira kwambiri. Osadziwa kusambira aonere patali, chifukwa dziweli lidamezapo anthu. Magulu a alimi, makalabu a achinyamata ndi ana asukulu atha kupita n'kubwerera tsiku lomwelo. Ofuna kugona pamwamba amapeza nyumba zamatabwa zogonamo alendo ku Chambe, ku Lichenya, ku Thuchila ndi malo ena, koma ayenera kunyamula ufa, ndiwo ndi zofunda zokwanira.

Musakwere nokha. Nkhungu ya paphirili imatseka njira m'kanthawi kochepa, ndipo mu 2003 ndi mu 2009 alendo ochokera kunja amene adalowera ku Sapitwa popanda wowatsogolera adatayika n'kufera komweko. Anyamata olondolera njira ndi onyamula katundu ali ndi bungwe lawo, ndipo ndalama imene mungawapatse imakalowa m'nyumba za m'midzi yomweyo. Ndi anyamata omwewa amene adayambitsa kutchuka kwa mpikisano wa chaka ndi chaka wa Porters Race, wothamanga makilomita oposa 20 kukwera ndi kutsika phiri. Njira imene mlendo amaiyenda tsiku lathunthu akupumira m'mwamba, opambana mpikisanowu amaimaliza m'maola osakwana atatu.