Maola 7 ku Zanzibar, wapansi

Sitima zikuluzikulu zoyendetsa alendo pa nyanja ya mchere sizichedwa padoko. Yathu itaima ku Zanzibar m'mamawa, azungu ambiri anathamangira mabasi okaona minda ya zonunkhiritsa ndiwo. Ine ndinati ayi, miyendo ndili nayo.

Ndipotu Stone Town ndi ya wapansi basi. Tinjira take n'topanikiza moti galimoto silowa, koma samalani njinga zamoto, zimangoti balamanthu pakona. Kutentha kwake ngati ku Nsanje mu Okutobala. Shati inanyoweratu ndisanafike n'komwe ku msika wa Darajani, komwe fungo la nsomba limakulonjerani muli patali. Nyumba yotchuka ija, House of Wonders, yomwe Sultan Barghash anamanga mu 1883, ndinangoionera kunja. Mbali yake ina inagwa mu Disembala 2020.

Kumene ndinakhalitsa ndi ku Mkunazini, pa tchalitchi cha Anglican. Abale anzanga, pamalo amenewa panali msika wa akapolo mpaka 1873, ndipo chaka chomwecho a mishoni ya UMCA anayamba kumangapo tchalitchi. Ndi a UMCA omwewa amene pambuyo pake anadzamanga chitchalitchi chija cha pa Likoma. Wotiperekeza ati guwa lili pomwe ankakwapulirapo anthu. Bishopu Edward Steere, amene anatsogolera ntchito yomangayo, anaikidwa kuseri kwa guwalo mu 1882. Mulinso mtanda waung'ono wosemedwa ku mtengo wa ku Chitambo, m'dziko la Zambia, pomwe anakwirira mtima wa Livingstone.

Kenaka amakutsitsirani m'tizipinda tiwiri tapansi m'nyumba yoyandikana nayo. Denga lake n'lotsika, mpweya wochepa. Akatswiri ena a mbiri amakayika ngati akapolo ankasungidwadi m'menemo, koma za msikawo palibe amatsutsa. Ndipo ambiri ogulitsidwa pamenepa anali akwathu. Jumbe wa ku Nkhotakota ankawaolotsa nyanja, n'kuyenda nawo wapansi mpaka ku Kilwa, kenaka Zanzibar. Ofooka ankatsala m'njira.

Panja pali dzenje, m'menemo muli ziboliboli zisanu za anthu, unyolo m'khosi. Anazipanga Clara Sörnäs wa ku Sweden mu 1998. Anzanga a m'sitima anajambula zithunzi msangamsanga, ati akufuna akaonenso komwe kunkakhala woimba uja Freddie Mercury, yemwe anabadwira pachilumbachi mu 1946. Ine miyendo inakana kusuntha. Uyu wapakatiyu, kodi sangakhale Phiri? Nanga mayiyu, si Nabanda?

Wotiperekeza atamva kuti kwathu ndi ku Malawi anandigwira dzanja, amvekere: "Mnyasa!" Eti dzinalo likadalipo kumeneko.

Pobwerera ndinadzera ku Forodhani, m'mbali mwa nyanja. Nsomba zootcha zomwe malowa amatchuka nazo amayamba kuyala dzuwa likamalowa, choncho ife a m'sitima sitinalaweko. Ndinangogula madzi a nzimbe othira ndimu, n'kumwera chiimire.