Ng'oma, Ngoma ndi Foni ya Mphunzitsi kwa Kasisi

Malangizo ambiri opita kwa aphunzitsi pa nkhani ya intaneti amalembedwa ndi anthu amene magetsi sawazimira. Kwathu kwa Kasisi m'boma la Chikwawa zinthu sizili choncho. Malo opangira magetsi a Kapichira tili nawo pafupi, komabe namondwe Ana atawononga damu lake mu Januwale 2022, dziko lonse linataya mphamvu ya magetsi pafupifupi mamegawati 130, ndipo ifenso oyandikana nalo tinagona mumdima. N'chifukwa chake ndimaona kuti mphunzitsi wa kuno ayenera kuigwiritsa ntchito intaneti ngati mjigo wa kutali: ukafika umatunga, n'kukasunga kunyumba.

Azakhali anga, omwe amaphunzitsa Sitandade 3, ndiwo adandionetsa luso limeneli. Akapeza tsamba labwino mu Chrome pafoni yawo, amadina kamuvi koloza pansi, tsambalo n'kusungika kuti adzaliwerenge ngakhale bandulo itatha. Ntchitoyi amaichita madzulo, chifukwa kutentha kwa mu Okutobala kuchigwa kuno kumapitirira madigiri 40, ndipo foni imatentha mpaka kuzima yokha.

Pokonza matchati a m'kalasi amagwiritsa ntchito Canva, chida chojambulira cha pa intaneti chomwe chidayamba mu 2013 ku Australia. Amasankha pepala la A4, zilembo zakuda pamalo oyera, kenako amasunga ngati PDF. Zokongoletsa zamitundumitundu amazisiya, poti kusindikiza kwa mitundu pa Dyeratu n'kodula, ndipo mwana wokhala kumbuyo kwa kalasi yodzaza amangofuna chilembo chachikulu chooneka bwino. Zithunzi zopezeka m'Canva sazikonda kwenikweni. Mwana wa kuno adziwa bwanji chipale chofewa kapena apozi? Iwo amajambula okha mlambe, thonje, mapira ndi nzimbe, n'kuziika pa tchati.

Koma chomwe chimandikhudza kwambiri ine ngati wophunzira za chiyankhulo ndi kalembedwe. Zida zimenezi zidapangidwa poganizira Chingerezi. Foni ikhoza kusintha mawu a Chichewa payokha, choncho ndi bwino kuzimitsa chokonza mawu musanayambe kulemba. Zilembo zina zokongoletsa zilibe ŵ, moti dzina la Malaŵi limatuluka ndi kabokosi pakati. Zina zimachepetsa kachizindikiro ka mu ng' mpaka kosaonekanso papepala losindikizidwa ndi inki yofooka. Kanthu kakang'ono kameneka kakasowa, ng'oma yoimba pagule imasanduka ngoma, nyama ya nyanga zopiringizika yomwe imapezeka ku Majete. Mwana wa zaka zisanu ndi zitatu amene akuphunzira kumene kuwerenga amakhulupirira chilichonse cholembedwa pakhoma ndi makina kuposa cholembedwa ndi choko, ndipo cholakwikacho adzachitenga mpaka ku mayeso. Tsono musanasankhe mtundu wa zilembo, lembani kaye mawu atatu awa: ng'ombe, Malaŵi, m'mudzi. Akaoneka bwino onse, pitirizani.

Google Translate idalandira Chichewa mu 2014, ndipo imathandizadi pomvetsa nkhani ya Chingerezi mwachangu. Pa tchati cha ana ndiye ayi. Kawirikawiri imatsata kayalidwe ka chiganizo cha Chingerezi, ndipo nthawi zina imaphonya mgwirizano wa magulu a mayina, pomwe mgwirizanowo ndiwo phunziro la tsikulo. Pamenepa mphunzitsi adalire khutu lake ndi Mtanthauziramawu wa Chinyanja womwe a Centre for Language Studies ku Zomba adatulutsa mu 2000. Komanso makinawo sadziwa kuti ana ambiri a kuno kunyumba amayankhula Chimang'anja kapena Chisena, ndipo kusankha mawu oyambira nawo phunziro kumatsalira mphunzitsi.

Tchati likakonzeka, azakhali amalitumiza pa WhatsApp kwa aphunzitsi anzawo a m'zoni, ngati PDF osati ngati chithunzi, chifukwa WhatsApp imapanikiza zithunzi ndipo timizere ting'onoting'ono timafufutika.