Supu ya nsawawa ndi fupa la nkhumba

Kuno ku Newcastle, mwezi wa Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. Anthu amalowa m'lesitilanti yomwe ndimagwira ntchito atapisa manja m'matumba, mphuno zili psuu, ndipo palibe wofunsa saladi. Amafuna supu ya nsawawa. Woiphika ndine.

Nsawawa zake si zaziwisi zongothyola kumunda zija ayi. Ndi zouma, zochotsa khungu, zogawika pakati, ndipo kumpoto kwa England kuno amakonda zachikasu. Amene anadyapo chipere cha nandolo waona kale kumene tikulowera. Poti zilibe khungu, sizilira kuviika usiku wonse. Kutsuka bwino n'kokwanira. Choviika ndi nyama.

Nyamayo kubutchala amaitcha hock. Ndi kachigawo ka mwendo wa nkhumba kapamwamba pa chiboda, kosungidwa mumchere, nthawi zina kofukizanso utsi. N'kotchipa chifukwa mnofu wake ndi wochepa, chochuluka ndi fupa, khungu ndi mitsempha. Komatu zimenezo n'zimene ndimagulira. Zikawira maola awiri kapena atatu pamoto wapansipansi zimatulutsira zokoma zake m'madzi, msuzi n'kumamata milomo. Wogula hamu yodula kale ya m'paketi n'kuponyamo timabulo ta msuzi angaphike chakudya chodyeka, sindikana, koma lilime limadziwa kuti fupa silinafikemo.

Hock ndimaiviika m'madzi ozizira kuyambira madzulo, m'mawa n'kutaya madziwo. Ukachita ulesi pamenepa, poto yonse imawawa mchere ndipo palibenso choibweza. N'chifukwa chake mchere sindithira mpaka ndilawe kumapeto, ndipo masiku ambiri sindithira n'komwe.

Kwa wophikira banja, hock imodzi ya kilogalamu imayenda ndi magalamu 500 a nsawawa ndi malita awiri a madzi. Anyezi, karoti ndi selari ndimayamba ndazikazinga pang'ono m'batala, osalola kuti zifiire. Nyama imawira kaye yokha, ine n'kumayengula thovu lotuwa lomwe limayandama pamwamba. Pakatha ola ndimathira nsawawa ndi zokazinga zija.

Apa m'pamene ntchito yagona. Nsawawa zikayamba kuphwanyika zimatsikira pansi pa poto n'kukakamira, ndipo zikangopserera pang'ono fungo lake limalowerera supu yonse. Mthiko uzifika pansi penipeni, uzikanda m'mbali monse. Ukamva kuti pansi pagwira, usapale. Khuthulira zapamwambazo m'poto ina msangamsanga, zopsererazo zitsale. Matimati, viniga kapena mandimu zisayandikire nsawawa zisanafewe, chifukwa zowawasa zimazilimbitsa. Nazo nsawawa zogonera m'kabati zaka sizimva moto, ungawiritse mpaka nyali za mumsewu ziyake.

Anzanga ena m'khitchini amathamangira makina opera. Ine ayi. Nsawawa zopsa bwino zimasungunuka zokha, ndipo munthu ayenera kupeza kena kotafuna. Nyama ikayamba kusiyana ndi fupa ndimaivuula, kuchotsa khungu ndi mafuta, kunyotsola mnofuwo ndi zala ukadali wofunda, n'kuubwezera m'poto ndi tsabola wakuda. Msuzi ukatsalako, ndimaphikiramo nsawawa zina mpaka zilimbe kuti ndipange pease pudding, yomwe eni dera lino amapaka m'buledi wawo wa stottie pamodzi ndi hamu.

Supu imeneyi imakoma kwambiri ikagona. Koma poto yaikulu yokhuthala chonchi imasunga kutentha pakati kwa maola ambiri, ndipo m'menemo tizilombo timaswana. Ndiye ndimaigawa m'mabeseni osaya kuti izizire msanga isanalowe m'firiji. M'mawa umaipeza itagwirana moti ungaidule ndi mpeni. Ndimathira madzi pang'onopang'ono uku ndikutakasa, ndipo siipita kwa kasitomala mpaka choyezera chionetse madigiri 75 pakati pa poto.