Kwa Nachisale, popita kukayamba ntchito ku Lilongwe

Chinamwali,
Zomba.

Wokondedwa mwana wanga Nachisale,

Amayi ako amati ndikulangize pakamwa, koma ukundidziwa, ndikayamba kulankhula ndimathera ku nkhani za mpira. Kalatayi uyiwerenge ukafika.

Anzanga a ku tchalitchi atamva kuti boma lakulemba ntchito ya zachitetezo, akhala akundifunsa ngati walowa usilikali. Sindikuwaseka. Kuno ku Zomba chitetezo timachidziwira yunifolomu: asilikali a ku Cobbe Barracks, koleji ya apolisi, ndende yaikulu ija yomwe idamangidwa mu 1935. Ndawauza kuti iwe ndiwe injiniya, mfuti sudzagwira, ntchito yako ndi kufufuza pamene madamu, magetsi, milatho ndi makompyuta a boma angapwetekedwere, n'kunena zisanachitike. Ena angogwedeza mutu.

Ukafuna kumvetsa chimene akulembera, yang'ana damu la Mulunguzi. Ophunzira a ku Chanco, odwala a ku chipatala chachikulu, akaidi, asilikali, mpaka mpopi wathu wa kuseri kwa nyumba, tonse timadalira madzi osungidwa pamwamba pa phiri, amene amatsika okha chifukwa cha kutsetsereka kwa malo. Damulo likaphwa, tauni yagwa ludzu. Likagumuka, tauni ili kunsi kwake. Agogo ako ankasimba za Napolo wa mu Disembala 1946, damu lisanaganiziridwe n'komwe, pamene mvula idakhuthuka paphiri, matope ndi miyala n'kutsika, milatho kukokoloka, anthu kufa. Phiri ndi lomwe lija, ndipo pano mitengo yachepa. Za namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 sindikuuza, mitembo ya ku Chilobwe unayiona wekha uli ku Blantyre.

Zaka zonse zimene ndagwira ntchito ya mapaipi ndi mavalavu, mdani wobwera ndi bomba sindidamuonepo. Ndidaona dzimbiri. Ndidaona matope ochokera m'malo momwe paini wadulidwa osabzalanso, moto wolusa wa mu Okutobala, akuba zitsulo zokagulitsa kwa ogula zakale, ndi munthu wodzaza buku la miyeso atakhala pansi pa mtengo, osapita kukayeza. Womalizayu ndiye woopsa kuposa onse, chifukwa amanamiza aliyense wobwera pambuyo pake.

Damu lililonse limadontha, zimenezo unaphunzira ku MUBAS kuposa ine. Madzi odonthawo akakhala oyera ndipo kuchuluka kwake sikukusintha, palibe nkhawa. Akayamba kuchuluka kapena kuda, ndiye kuti akudya dothi la m'kati mwa khoma, ndipo khoma lodyeka m'kati limaoneka labwinobwino mpaka tsiku lomwe likugwa. Chimene mwina sadakuuze m'kalasi n'chakuti woyamba kuona kusinthako nthawi zambiri sakhala injiniya. Amakhala mlonda, kapena bambo wotsegula mavalavu amene wakhala pamenepo kuyambira iwe usanabadwe. Ukafika pamalo, usathamangire ku ofesi ya bwana. Yamba wapereka moni kwa mlonda, umufunse kuti chasintha n'chiyani chaka chino. Adzayamba ndi kudandaula za nsapato ndi tochi yopanda mabatire. Mvetsera ndithu, tochi yakufayo ilowe mu lipoti lako. Wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale asadziwe Chingerezi.

Magetsi nawo ndi chimodzimodzi, kapena kuposa. Nkula, Tedzani ndi Kapichira zonse zili pa mtsinje umodzi wa Shire, ndipo dziko limene laika magetsi ake ambiri pa mtsinje umodzi liyenera kugona diso limodzi lili chitsegulire. Namondwe wa Ana atagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022, tidataya mamegawati pafupifupi 130 usiku umodzi, ndipo kudatenga kupitirira chaka kuti abwerere. M'malipoti analemba mamegawati. Kuno ku Chinamwali tidaona mzere wa azimayi pachigayo mpaka pakati pa usiku, owotcherera zitsulo atangokhala, wometa uja wa pamsika atatseka. Ukamawerengera manambala ako, uzikumbukira kuti kumapeto kwake kuli anthu amenewa. Ndipo ukadzamva kuti thiransifoma yabedwa mafuta ndi mawaya a kopa, dzifunse kuti ndi angati m'mudzi amene amadziwa kuimasula osapsa.

Za makompyuta ndine mbuli, koma nkhani ndimamvera. Mu Febuluwale 2024 a Chakwera, ali mtsogoleri wa dziko, adauza Nyumba ya Malamulo kuti makina opangira mapasipoti alowereredwa ndi anthu ofuna dipo, ndipo kwa masabata anthu adasowa mapasipoti. Msuweni wako amene amafuna kupita ku Joni ukukumbukira momwe adazungulirira. Koma ine chimene sichichoka m'mutu mwanga ndi Cashgate ya mu 2013. Palibe mlendo adathyola chitseko ku Capital Hill. Anthu okhala ndi mapasiwedi awoawo a IFMIS, makina olipirira ndalama za boma, ankalipira makampani amene sadagulitse kanthu ku boma, kenako n'kufufuta zolembedwazo. Mabiliyoni adapita, maiko othandiza adaimitsa ndalama zawo, ndipo ife tidakumana nazo ku mawindo a mankhwala. Khoswe womaliza chimanga ndi amene ali kale m'nkhokwe, kumata kunja sikumuletsa. Tsono pasiwedi yako isakhale ya munthu wina, ngakhale bwana atati "tangondilowetsera pang'ono, ndachedwa ku msonkhano." Fulashi yotola kapena yopatsidwa pa semina usayibaye pa kompyuta ya ntchito. Ambiri amene adayamba kumangidwa nthawi ija adali ang'onoang'ono.

Tsopano ndifike pa chimene chandikhazika pansi kulemba. Adzakulumbiritsa kusunga chinsinsi, ndipo usunge. Ukadziwa kuti valavu yakuti ikatsekedwa theka la mzinda lisowa madzi, kapena kuti mpanda wa malo akuti uli ndi pobowoka, zimenezo si za m'minibasi, si za pa gulu la WhatsApp la anzako a ku sekondale, si za mnyamata amene adzakufunsire. Ngakhale ine usandiuze. Ndidzafunsa, poti ndine wokonda nkhani za madamu, koma undiyankhe kuti ntchito ikuyenda. Amayi ako ndawauza kale kuti asakwiye.

Koma zinsinsi zili pawiri, ndipo kuzisiyanitsa ndiye ntchito yeniyeni. Chilipo choteteza anthu, chilipo choteteza wakuba. Zonse zimabwera mu failo yofanana, chidindo chofanana. Kontirakitala akaika simenti yochepa pa mlatho, kapena akagula makina akale n'kuwapenta, adzafuna kuti nkhaniyo itchedwe ya chitetezo cha dziko kuti wina asafunse. Dzifunse chinthu chimodzi: izi zikabisika, apulumuka ndani? Akakhala mayi wotunga madzi, bisa. Akakhala mwini envulopu, usalowemo.

Usathamangirenso ku Facebook, kumeneko ungoonetsa akuba pobowoka. Lemba lipoti, uikepo tsiku, miyeso ndi zithunzi, lipite m'njira yake, ndipo uonetsetse kuti alilemba m'buku la makalata olandiridwa. Akalikhalira, lembanso, utchule loyamba lija. Zikakanika, alipo a Anti-Corruption Bureau, ofesi ya Ombudsman, ndi bungwe lanu la mainjiniya la Malawi Engineering Institution, amene malamulo adawapatsa mphamvu yomva zoterezi. Njira imeneyi ndi yochedwa ndipo imatopetsa. Ukhoza kusamutsidwa, ukhoza kusiyidwa pa maulendo a alawansi. Ndidaonapo mnzanga wina atakana kusainira ntchito yosatha, adamutumiza kutali kwa zaka, koma pamene ofufuza adabwera, iye yekha ndiye adagona kunyumba kwake.

Siginecha yako isapite pa chinthu chimene sunachione ndi maso. Adzati galimoto ilibe mafuta, ingosaina, tidzapita mwezi wamawa. Kwera basi.

Udzapezanso azibambo amene adzakuyese sekilitale, ena adzakutuma tiyi pa msonkhano. Usakangane nawo. Vala magambuti ako, tsika m'ngalande, ukayeze wekha, ubwere ndi nambala. Aulemu uwapatse ulemu, enawo manambala adzawayankha.

Chinanso, poti a ku Lilongwe amaiwala kuti likulu lidali kuno mpaka 1975: mapepala akale a boma ali ku National Archives, ndipo mapu a miyala ndi nthaka ali ku Geological Survey, konse kuno ku Zomba. Akakupatsa mlatho kapena paipi yakale yoti ufufuze, usangodalira za pa intaneti. Pempha ulendo ubwere udzaone zimene oimanga adalemba, kuti pansi pake adapezapo chiyani, madzi adafikapo pati. Ukatero udzagonanso kwanu, boma litalipira thiransipoti.

Malipiro oyamba usatitumizire. Gula matiresi, mbaula ndi loko wabwino, ulipiriretu nyumba miyezi iwiri. Azakhali ako a ku Area 25 akudikira, ukawaone Lamlungu loyamba, usadikire kuti mavuto akupititse. Mu chikwama cha buluu amayi ako aikamo mpunga, matemba a ku Chilwa ndi mbatata ya kachewere ya paphiri. Matembawo uwatulutse msanga, angakununkhitsire zovala za ku ofesi. Ukatsika basi uimbe pa foni ya amayi ako, yanga batire likuvuta.

Ndine bambo ako,
Chisale