Safunsa Adadya Phula

Makolo athu a ku Namitete ankagula nsalu ndi mchere kwa Amwenye, Boma lisanasamutsire amalondawo m'matauni m'zaka za m'ma 1970. Koma za mumphika mwawo sadalawepo.

Tsiku lina tidalowa ndi mayi athu okalamba m'nyumba yodyeramo ya Amwenye ku Lilongwe. Poopa kuoneka achimidzimidzi, tidangoloza dzina lakuti vindaloo. Mayi, amene amavutika ndi zilonda za m'mimba, adalawa kamodzi kokha, misozi chuchuchu, nabwerera kumudzi ndi njala, osadandaula.

Tikadafunsa, akadatipatsa korma, nkhuku ya msuzi wamkaka wosawawa tsabola, ndi raita, chambiko choziziritsa lilime. Manyazi adali athu, koma olipira adali mayi. Abale, kunena kuti "sitidziwa" sikuchepetsa munthu.