Miyala yotuwa ya ku Thambani

Minibasi yochokera ku Blantyre inatitsitsa pa boma la Mwanza chakum'mawa, titayenda makilomita pafupifupi 100 kudzera pa Zalewa. Unali mwezi wa Juni, nyengo ya manachesi, ndipo fungo lake linkapikisana ndi utsi wa dizilo wa matiraki opita kuchipata cha Zobue. Mulu umodzi ndinagula K1,000. Chapafupi panakhala mtsikana wogulitsa dothi lowamba m'timapepala, K200 kamodzi. Ogula ake ambiri ndi amayi oyembekezera. Nditamufunsa kumene amalikumba, anangoloza kumapiri.

Kumapiri komweko n'kumene ndinkapita.

Wakabaza wa njinga yamoto anandikweza kulowera kum'mwera, ku Thambani, kufupi ndi malire a Mozambique. Msewu wake ndi wokwera ndi wotsika, wodutsa m'minda ya nandolo ndi m'mitengo ya manachesi yolemedwa mpaka nthambi kugwada, ndipo fumbi lofiira linandilowa m'mano. Pofika, msana unali utauma.

Kenako miyala inasintha. Inayamba kutuwa.

Akatswiri amaitcha nepheline syenite. Kuno kulibe phiri lophulika moto, koma miyalayi kalekale inali chiphalaphala chotentha chimene chinazizirira pansi pa nthaka, n'kutsekera mkati mwake zitsulo zosowa. Abale ake ali ku Kangankunde ku Balaka ndi ku Songwe ku Phalombe, kumene makampani akufunako miyala ya rare earth. Kuno kampani ya Mkango Resources inafufuza yureniyamu, niobium ndi tantalum. Ndinatola kamwala n'kukatembenuza padzuwa. Kanalibe fungo, kanalibe chodabwitsa, kanangonyezimira pang'ono ngati mchere.

Patsinde pa phiri ndinapeza agogo ena akusema mpini. Ndege ya Kauniuni ankaikumbukira bwino, ija inauluka motsika m'dziko lonse kuunika za pansi pa nthaka, zotsatira zake n'kutuluka mu 2015.

"Inkadutsa cha apa, mwana wanga, nkhuku n'kumabalalika," anatero. "Akuti inaona chuma."

Chumacho chilipodi. Koma mwala sukhala mwala mpaka kalekale. Mvula imaufumbutsa, umasanduka dothi lomwe timadzalamo chimanga, ndipo zina za mkati mwake zimatsika ndi madzi. Nthaka ikachuluka asidi, zomwe zimachitikanso tikathira feteleza wa urea chaka ndi chaka popanda manyowa, aluminiyamu amasungunuka n'kupinimbiritsa mizu ya mbewu. Yureniyamu naye amasungunuka m'madzi okhala ndi mpweya wa okosijeni, ndipo akamwedwa kwa zaka zambiri amavulaza impso. Bungwe la WHO limati asapitirire mamayikulogalamu 30 pa lita imodzi ya madzi akumwa. Kupezeka kwa chitsulo m'mwala sikutanthauza kuti chitsime chilichonse chaipa, ayi. Mijigo iwiri yoyandikana ikhoza kusiyana kutali. Chimene chimandisautsa n'chakuti tikamva za yureniyamu timathamangira ku Kayelekera ku Karonga, komwe mgodi unatsegulidwa mu 2009, ngati kuti funsoli limayamba tsiku limene makina afika. Anthu okhala pamwamba pa miyala yotereyi akhala akumwa madzi ake kuyambira makolo awo.

Kutsika pang'ono ndinamva kulira kwa mjigo, kwee, kwee, ndi kugundana kwa zidebe. Amayi asanu anali pamzere, wina ali ndi pakati, mwana wina kumsana. Ndinapereka moni n'kupempha madzi, pakuti kukhosi kunali gwaa. Anali ozizira, oyera mbee, okoma. Koma yureniyamu akakhalamo pang'ono, lilime silimumva, diso silimuona. Amene amamupeza ndi makina a mu labotale okha. Kuwiritsa madzi kapena kuthiramo kolorini kumapha tizilombo, koma chitsulo chimatsala momwemo.

Ndinawafotokozera zimenezi mosamala, poopa kuwaopseza pachabe. Mayi woyembekezera uja anatula ndowa pansi.

"Nanga dothi timadyali, achimwene?"

Ndinati nalonso ndi mwala womwewo wofumbutuka, ndipo ndi bwino akauze anamwino kusikelo kuti akulilakalaka, chifukwa nthawi zambiri chilakolakocho chimayendera limodzi ndi kuchepa kwa magazi. Anakhala chete kanthawi, akuyang'ana phirilo. Kenako anapinda nkhata, mnzake anamusenza ndowa, nalowa kanjira ka m'nandolo. Wakabaza anali atayamba kale kuliza hutala kumsewu.